Mphamvu ya zoning ndi yobwereka

Zandilowa tsopano, ndipo mtima wakhala pansi. Chomwe chinkandizunguza mutu pa kosi ya malamulo a kamangidwe ka mizinda ya ku America n'chakuti, zimatheka bwanji aphungu a state ya California kulowerera pa chiwerengero cha malo oimika galimoto omwe khonsolo ya Los Angeles ikufuna pa nyumba yatsopano? Imeneyi si nkhani ya khonsolo kodi?

Kumeneko ndiye kunagona nkhani. Mphamvu ya zoning, yolamula zomwe zingamangidwe m'dera lililonse, si ya khonsolo ayi, ndi yobwereka. Mwini wake ndi state, ndipo mizinda inachita kupatsidwa kudzera m'malamulo omwe ma state ambiri anakopera ku chitsanzo cha Department of Commerce, unduna wa zamalonda wa America, m'zaka za m'ma 1920, Herbert Hoover ali nduna. Woweruza wa ku Iowa, John Dillon, anali atanena kale mu 1868 kuti mzinda uli ndi mphamvu zokhazo zimene state yaupatsa. Zili ngati munda umene mfumu yakubwereka. Ulima zaka ndi zaka mpaka uziuyesa wako, koma tsiku lomwe mfumu yafuna kudulako mbali ina, ulibe pokanira. Ngakhale mizinda ya charter, yomwe imadzilamulira pa zambiri, imagonja aphungu akanena kuti nkhaniyo ikukhudza state yonse.

Nditamvetsa zimenezi, AB 2097, lamulo la California la malo oimika galimoto, inangomasuka yokha. Bwanamkubwa wa California Gavin Newsom anaisaina mu September 2022, n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 January 2023. Sikuletsa munthu kumanga malo oimika galimoto. Ikuletsa khonsolo kumukakamiza ngati poloti yake ili mkati mwa theka la mailo, pafupifupi mamita 800, kuchokera pa siteshoni yaikulu ya sitima kapena basi. Wofuna kumanga amange, koma asachite kulamulidwa.

Nanga mizinda yambiri imalepheranji kusintha yokha, pomwe Buffalo inachotsa lamulo lokakamiza malo oimika galimoto mu 2017, Minneapolis mu 2021? Taonani amene amabwera ku misonkhano ya khonsolo. Ndi eni nyumba omwe akuopa kuti magalimoto a alendo adzadzaza msewu wa pakhomo pawo. Munthu amene akanadzachita lendi m'nyumba yatsopanoyo sanafike m'deralo, savota kumeneko, palibe womulankhulira. State ndiyo imaona onse awiri.

Chinandithandiza kwambiri ndi pepala la graph ndi pensulo, ndipo ndikunenetsa kuti palibe njira yoposa imeneyi. Tengani lamulo lofala la malo anayi oimika galimoto pa masikweya fiti 1,000 a ofesi. Galimoto imodzi, kuphatikiza njira yolowera ndi yokhotera, imadya masikweya fiti 300 kapena kuposerapo. Jambulani timabokosi. Ofesi 1,000, magalimoto 1,200. Ukaona ndi maso kuti phula lakula kuposa nyumba, zimene Donald Shoup wa ku yunivesite ya UCLA ankaphunzitsa zimamveka pomwepo: malowo alipo amene akuwalipira, ndipo mtengo wake wabisala mu lendi, ngakhale kwa amene alibe galimoto. Bwenzi aliyense wophunzira planning akuyamba ndi kujambula asanatsegule buku lililonse.

Zimandiwawa kuti aphunzitsi athu sanayambire pamenepa. Anatiunjikira milandu, Euclid v. Ambler ya 1926 ndi inzake, n'kumathamanga ngati tonse tinabadwira m'dziko la ma state 50. Ukafunsa, yankho n'lakuti zili m'zowerenga za sabata ino. Munthu waweruka ku ntchito madzulo, wotopa, masamba ambirimbiri akudikira, ndiye chiganizo chimodzi chokha, chakuti mphamvu ya zoning ndi yobwereka, chikanatipulumutsa masabata onsewa.

Chomwe sindinachigamule mumtima ndi njira yabwino pakati pa ziwiri. California inatsata mtunda wochokera pa siteshoni. State ya Washington, ndi lamulo la SB 5184 la 2025, inaika malire pa chiwerengero cha malo oimika galimoto chomwe khonsolo ingafune, monga malo a galimoto imodzi pa mafulati awiri alionse. Ya Washington ikundikopa chifukwa sikusiya kunja munthu amene poloti yake yapitirira mzere ndi mamita ochepa. Koma ndikaganiza za mayi wogwira ntchito usiku kudera lomwe basi imabwera mwa apo ndi apo, ndimazengereza. Ndiponso banki ikauza womanga kuti ngongole ituluka pokhapokha malo a magalimoto alipo okwanira, kaya lamulo la state lasintha chiyani pamenepo, sindinafike poyankha.