Mmene ndinasankhira Django 5.2 ndi kuika 6.0 pambali

Mu Novembala 2025 ndinakhala pansi kuti ndione chochita ndi webusaiti ya kagulu kena kosunga ndi kubwereketsa ndalama, imene ndinaimanga ndi Django 4.2, pulogalamu yomangira mawebusaiti yolembedwa m'chinenero cha kompyuta chotchedwa Python. Mtundu umenewu unatuluka mu Epulo 2023, ndipo zigamba zake za chitetezo zinali zoti zithe mu Epulo 2026. Miyezi isanu yokha ndiyo inatsala. Webusaiti yosunga maina a anthu ndi ngongole zawo sungaisiye pa pulogalamu imene eni ake asiya kuikonza.

Njira zinali ziwiri. Panali 5.2, yomwe inatuluka mu Epulo 2025 ndipo ndi LTS, kutanthauza kuti idzasamalidwa zaka zitatu, mpaka Epulo 2028. Panalinso 6.0, imene inali ikuyesedwabe poyembekeza kutuluka mu Disembala. Kunena zoona mtima wanga unali pa 6.0. Inkabwera ndi njira yakeyake yolembera ntchito zochitika kuseri, ndipo ine ndinkafuna zimenezo potumiza mauthenga okumbutsa amene tsiku lobweza layandikira.

Ndinayamba ndi kufunsa seva. Nditalemba `python3 --version` inayankha kuti 3.10, popeza ili pa Ubuntu 22.04, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene imabwera ndi Python ya mtundu umenewo. Django 6.0 imafuna Python 3.12 kupita m'mwamba, pomwe 5.2 imayenda bwinobwino pa 3.10. Kusankha 6.0 kukanatanthauza kusintha Python kapena kusamutsa seva yonse, m'nyengo imene mamembala amagawana ndalama za chaka. Chinanso n'chakuti mitundu yosakhala LTS imasamalidwa miyezi pafupifupi 16 basi, ndiye 6.0 ikanandisiya panjira 5.2 isanathe.

Komabe sindinafune kuikana ndisanaione ndi maso. Pa laputopu ndinapanga venv (malo oikamo mapulogalamu osakhudza ena) yapadera ya Python 3.12, n'kuikamo 6.0 ndi `pip install --pre django`. Mapeji anga anatseguka, koma phukusi limodzi la anthu ena lomwe ndimadalira popanga malipoti linakana, eni ake anali asanalikonze. Ndinaonanso kuti njira ya ntchito za kuseri ija imangokupatsa polembera ntchitoyo, chinthu choiyendetsa uyenera kuchipeza kwina. Apa m'pamene mtima unakhala pansi, ndinasankha 5.2.

Kuchoka pa 4.2 sindinadumphe. Ndinayamba ndi `python -Wa manage.py test` kuti machenjezo onse a zinthu zimene zikuchotsedwa aonekere, kenako ndinakwera 5.0, 5.1, mpaka 5.2, ndikuyendetsa mayeso pa sitepe iliyonse. Pa 5.1 ndinachotsa `DEFAULT_FILE_STORAGE` ndi `STATICFILES_STORAGE` n'kulemba `STORAGES` m'malo mwake. PostgreSQL, pulogalamu yosunga deta, inali kale pa 14, yomwe 5.2 imalola.

Chimene chinandipweteka chinali chaching'ono, ndipo mayeso anga sanachigwire. Nditaika zonse pa seva yoyesera, ndinapempha msungichuma wa gululo kuti alowe ayendemo. Patapita mphindi khumi anandiimbira.

“Achimwene, zonse zili bwino, koma ndikadina potulukira pakungobwera tsamba loyera.”

Linali vuto la 405, kutanthauza kuti seva yakana njira imene pempho labwerera. Kuyambira 5.0, Django salolanso kutuluka kudzera pa linki wamba, amafuna fomu yotumizidwa mwa njira ya POST yokhala ndi chizindikiro cha chitetezo chotchedwa `csrf_token`. Ndinaganizira za laputopu imodzi imene alembi atatu a gululo amabwerekana: munthu akalephera kutuluka, wotsatira amapeza mabuku a ngongole ali chitsegukire m'dzina la mnzake. Ndinasintha linkiyo kukhala batani la fomu, ndinalemba mayeso ake usiku womwewo, ndipo m'mawa mayi aja anatsimikiza kuti zatheka.

Mu `requirements.txt`, fayilo ya mndandanda wa maphukusi ofunika, ndinalemba `Django>=5.2,<5.3` kuti zigamba zizilowa koma mtundu usasinthe wokha. Venv ya 6.0 ija ikadali pa laputopu. Kamodzi pamwezi ndimayendetsamo mayeso n'kulemba m'kope zimene zalephera, ndipo seva ndakonza zoisamutsira pa Ubuntu 24.04, yomwe imabwera ndi Python 3.12, mamembala akatha kugawana ndalama zawo.