Ndinakauluka m'nyumba ku Abu Dhabi, koma maso anga anali pa konkire

Ndinapita ku Dubai kukagula matailosi ndi zam'bafa za nyumba ina yomwe tikumanga ku Katoto kuno, njira yake ambiri mukuidziwa, basi kuchoka pa depoti ya Mzuzu kudutsa Jenda ndi Kasungu mpaka Lilongwe, kenako ndege yodzera ku Addis Ababa. Za mu Dubai sindikamba zambiri, ndi mashopu okhaokha ndi kutentha. Nkhani ili pa tsiku lomwe alamu anga amene amagwira ntchito konko ananditengera ku Abu Dhabi, pa Yas Island, pamalo ena akuti CLYMB pafupi ndi Ferrari World, anatsegula mu 2019.

Mkatimo muli chigalasi chozungulira, kutambalala kwake pafupifupi mamita 10, pansi pali neti yawaya ndipo mphepo ikuchokera pansipo kukwera m'mwamba. Akuti kuti munthu wamkulu ayandame chamimba pamafunika mphepo ya makilomita ngati 200 pa ola, lomwe ndi liwiro limene umagwera ukadumpha m'ndege parachuti isanatseguke. Amakuveka ovolosi, chipewa, magalasi ndi totseka m'makutu, ukangodziponya pakhomo basi wanyamulidwa, masaya kumagwedezeka okha, milomo kuuma, mnyamata wophunzitsayo akukugwira pa ovolosi kuti usakawombe galasi. Kanthawi kake ndi kochepa koma ndinatuluka miyendo ikunjenjemera.

Tsono ine pokhala mmisiri, ena akujambula mavidiyo ine ndikufunsa kuti mphepo yonseyi ikuchokera kuti. Mnyamata uja anandijambulira pa pepala m'mene nyumba zambiri zoterezi zimakhalira. Eti mphepo ndi yomweyomweyo, imangozungulira. Mafani akuluakulu amaikoka kuchokera m'galasi muja, imatsika kudzera m'ngalande za m'mbali, m'makona muli zitsulo zopindika zoikhotetsa bwinobwino, kenako imadutsa pansi n'kulowa pakhosi popanikizika pomwe imathamanga kwambiri. Chifukwa chozungulirazungulira imatentha, ndiye amayenera kuiziziritsanso.

Apa ndi pomwe konkire akulowera. Njira ya pansiyo nthawi zambiri imakhala chidzenje chakuya chothiridwa konkire wa mawaya, pansi ndi m'mbali momwe. Khoma lake liyenera kutuluka losalala chifukwa pali ponse pokhakhala mphepo imasokonekera, komanso tangoganizani kachibenthu ka konkire kagumuke n'kukwera ndi mphepo imeneyo munthu ali pamwamba. Madzi a pansi asalowe ngakhale pang'ono, ndiye pamene konkire wadzulo akukumana ndi walero amaikapo labala wotchinga madzi. Kulemera kwa konkire n'komwenso kumameza phokoso ndi kunjenjemera kwa mafani. Galasi lija ndi kachidutswa chabe ka nyumba yonseyo.

Nditabwerera kuno ndinaonetsa kavidiyo pa saiti nthawi ya nsima, anyamata kuseka mpaka kutsamwa, wina akuti bwana kwathu kuno wouluka amakhala wa lichero, inu mwachita kulipira? Koma madala athu a foromani anayang'ana pepala lija nthawi yaitali. Kenako akuti, "Mwana wanga, dzenje ngati ili ukalikumbe ku dambo la ku Chibavi mvula ya Epulo ili mkati, mawa lake udzaweta nsomba." Sananame, Mzuzu mvula imakakamira pamene kwina inasiya kalekale, ndipo madera ena ungokumba pang'ono madzi atulukira.

Tinakangana mpaka nsima inazizira kuti ife tingathire bwanji chinthu chotere. Shatala yathu, chikombole chothiramo konkire, ndi matabwa a paini a ku Chikangawa, ena aawisi, ukachotsa mizere yonse ili pa khoma. Simenti, mchenga ndi kwale timayeza ndi wilibala, 1:2:4 pakamwa pokha, bwana akangotembenuka anyamata awonjezera madzi kuti fosholo ipepuke, osadziwa kuti madzi ochulukawo ndi omwe amafooketsa konkire. Potsendera timagogoda shatala ndi hamala, ndiye mabowo otsala mu konkire timadzabisa ndi pulasitala. Kuthirira ndiye musanene, konkire amafuna chinyezi sabata yathunthu ndipo mphamvu yake imayezedwa pa masiku 28, koma ife tsiku lachitatu njerwa zakwera kale pamwamba. Madala akuti nyumba zawo sizinagwepo. Ine ndinati zoona bambo, koma simunayesepo kuziuzira mphepo ya 200.

Silabu ya pamwamba ku Katoto tikuthira sabata yamawa ndipo ndakakamira kuti tibwereke vayibureta, makina ogwedeza konkire kuti atsendereke bwino. Eni nyumba akudandaula mtengo pa WhatsApp, akuti kale lonse mumathira bwanji popanda chimenecho. Ndawayankha kuti ndalama ya jenereta ndilipira ndekha, iwo alipire makinawo.