Botolo la spirit lomwe linandisowetsa tulo sabata ino

Sabata ino ndinayamba mutu wa ma functional group (timagulu ta ma atomu tomwe timapatsa mankhwala khalidwe lake) m'phunziro la Chemistry ku Folomu 4, ndipo mpaka pano mtima sunakhale pansi. Lolemba ndi Lachiwiri panalibe chachilendo: choko, bolodi ndi ana oposa 80 m'chipinda chimodzi. Ndimakonda kuwauza kuti functional group ili ngati chiwongo. Ukamva kuti Phiri kapena Banda wadziwa fuko la munthu, ndiyenso ukaona –OH wadziwa kuti ndi alkanol, –COOH ndi alkanoic acid, C=C ndi alkene. Pa C=O m'pamene amasokonezeka chaka ndi chaka, poti propanal ndi propanone onse ndi C3H6O, kungoti wina C=O ili kumapeto kwa tcheni, winayo ili pakati. Kuti zilowe m'mutu ndinatchula zinthu zomwe amazidziwa: mu viniga muli ethanoic acid, ndipo chimene chimaledzeretsa mu kachasu ndi ethanol, yemweyo amene amapangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa kuchokera ku zotsalira za shuga n'kumasakaniza ndi petulo. Anasangalala kwambiri nditatchula kachasu. Sindinadziwe kuti mawu amenewo andibwerera.

Lachitatu linali tsiku la practical. Labotale yathu ndi kalasi wamba yomwe anaikamo kabati imodzi, ndipo loko wake anathyoka temu yatha. Wothandiza mu labu tilibe. Bromine water, mankhwala oyezera ma alkene, anasuluka kalekale chifukwa chokhala padzuwa, Tollens, mankhwala osiyanitsira propanal ndi propanone, sitinamuonepo, ethanol weniweni anatha. Chotsala chinali botolo la methylated spirit lomwe ndinagula ndi ndalama za m'thumba mwanga kuti tiziyatsira moto. Ndinathirako pang'ono m'kabotolo kena, n'kupita kuseri kukatunga madzi otsukira ma test tube, poti mpopi wa m'chipindamo suyenda.

Sindinathe mphindi zisanu. Pobwera ndinakumana ndi mtsikana wina akuthamanga. "Madamu, fulumirani, wina wamwa mankhwala!" Ndinapeza mnyamata atagwira pakhosi akulavula, anzake atamuunjirira. Nditamufunsa, anayankha misozi ili m'maso: "Madamu, paja munati ethanol ndi kachasu yemweyo." Anzake anachita kumutokosa kuti alawe.

Miyendo inandizizira. Inu aphunzitsi anzanga mukudziwa chifukwa chake spirit amamutcha methylated: amathiramo methanol dala kuti anthu asamwe. Methanol ndi ethanol ndi a fuko limodzi, onse ali ndi –OH, amasiyana kaboni mmodzi yekha. Koma chiwindi chikalandira methanol chimamusandutsa methanal, kenako methanoic acid, ndipo asidi ameneyu ndi amene amawononga mtsempha wa maso, mwinanso kupha kumene. Choopsa n'chakuti munthu amaoneka bwinobwino kwa maola angapo zisanayambe. N'chifukwa chake sindinamvere pamene mnyamatayo ankati wangolawa pang'ono ndipo walavula. Ndinaitana wakabaza wa njinga yamoto, botolo lili m'manja kuti achipatala awerenge okha zolembedwapo. Anamugoneka usiku umodzi kuti amuone, ndipo Mulungu ndi wabwino, anatuluka maso ake ali bwino.

Chimene chinandipsetsa mtima chinachitika nditabwerako. Ahedi anandiitanira mu ofesi n'kundifunsa kuti, "Madamu, munawasiyiranji ana okha?" Funsolo ndi loyenera, ndipo ndavomera kuti sindinayenera kutuluka. Koma ndinawakumbutsa kuti kalata yopempha loko, mankhwala ndi kukonza mpopi ndinapereka kawiri, ndipo kawiri konseko yankho linali lakuti ndalama kulibe. Mwezi womwewo ndalama yolipirira galimoto yopita kumpira inapezeka. Sindidana ndi masewera ayi, koma ana omwewa akalowa m'mayeso a MSCE, pepala la practical lochokera ku MANEB silifunsa ngati pasukulu panu panali mankhwala kapena ayi. Mwana amene sanaonepo bromine water akusuluka mu alkene akalemba bwanji zomwe waona? Timawaloweza pamtima kuti pa Tollens pamatuluka galasi lasiliva, chonsecho galasilo sanalionepo ndi maso.

Lachinayi ndinasiya zomwe ndinakonza n'kubwereza alkanol kuyambira pachiyambi. Ndinalemba CH3OH ndi C2H5OH moyandikana, n'kuwauza kuti functional group imatiuza mmene chinthu chichitire chikakumana ndi sodium kapena asidi, koma siitiuza ngati chingalowe m'kamwa mwa munthu. Ndinawauzanso kuti madokotala nthawi zina amagwiritsa ntchito ethanol pochiza amene wamwa methanol, chifukwa awiriwa amalimbirana enzyme imodzi m'chiwindi. Kalasi yonse inali zii, ngakhale aja a kumbuyo.

Lachisanu tinangomaliza ma ester, mankhwala onunkhira ngati zipatso, pa bolodi, popanda wina kumva fungo lake, kenako ndinachonga makope mpaka dzuwa kulowa. Bambo a mnyamata uja anabwera masana. Ndinkayembekeza mawu owawa, koma anangoti, "Aphunzitsi, zikomo pomuthamangira naye." Poweruka ndinadutsa pamsika kukagula loko, ndipo kiyi wake ndikusunga ndekha.