Uchi wandizunguza mutu masiku anayi

Lero ndiye mtima wakhala pansi. Sosi wanga wa uchi ndi masitadi watuluka momwe ndimafunira, ulendo wachisanu ndithu.

Paja ndinayamba kulemba m'kope miyeso ya zokometsera zakudya, kuti magalamu a m'mabuku a zophikaphika ndiziwadziwa m'makapu ndi m'masupuni. Viniga sanandivute chifukwa amalemera pafupifupi ngati madzi, galamu imodzi pa mililita imodzi. Mafuta ophikira ndi opepukirapo: kapu ya 250 ml imandipatsa magalamu ngati 230. Nditafika pa uchi m'pamene zinthu zinasokonekera.

Buku lomwe ndinkatsatira pokonza sosiyu linkafuna uchi magalamu 170. Tsiku loyamba ndinangothira 170 ml ngati kuti ndi madzi, sosi n'kutsekemera mpaka masitadi osamvekanso. Apa ndinazindikira msanga. Uchi ndi wolemera, mililita imodzi ndi magalamu pafupifupi 1.4, choncho magalamu 170 ndi 120 ml basi, kutanthauza masupuni aakulu 8 a 15 ml. Ndinayesa motero. Wotsekemerabe! Ndinakayikira viniga, ndikugula botolo lina. Chimodzimodzi. Ndinayamba kuganiza kuti uchi wanga ngosakaniza ndi shuga, ndinasinthanso, koma ayi ndithu.

Dzulo usiku ndinaika kambale pa sikelo, kubweza nambala pa ziro, ndikuthira supuni imodzi ya madzi. Sikelo inalemba magalamu 20. Ndinabwereza katatu, 20 yemweyo. Ndiye kuti supuni yanga yaikulu, yomwe ndakhala ndikuidalira zaka zonsezi, ndi ya muyeso wa ku Australia, komwe supuni yaikulu ndi 20 ml osati 15. Masupuni 8 aja anali 160 ml, uchi wopitirira magalamu 220. Zolemba za pa chogwirira zinafufutika kalekale ndi kutsuka. Zinandikhudza kwambiri, poti ndinakumbukira sosi wa tsabola wa chaka chatha amene ndinamutaya ndikuti mchere wachuluka. Mwina analinso supuni yomweyi.

Anzanga, yezani ziwiya zanu ndi madzi musanalembe nambala iliyonse. Makapu nawonso sagwirizana: ya ku America ndi pafupifupi 237 ml, ya ku Japan ndi 200 ml, yanga ndi 250 ml. Uchi wodzaza kapu ya ku America ndi magalamu 340, koma mu yangayi umafika 355.

Masupuni atsopano ndawagula kwa mayi wina amene amagulitsa ziwiya za ophika makeke. Ndimamukonda chifukwa amalola kuti uone katundu bwinobwino, ndipo manambala a pa masupuni ake ndi ogoba m'chitsulo, osati a penti. Ndi iyenso anandiuza zopaka timafuta m'supuni ndisanatunge uchi. Umangoti tsetsereku, osatsalira.

Mchere sindinaumalize. Wosalala supuni yaing'ono ndi magalamu 6, koma wamibulu umasiya mipata, ndiye nambala imasintha malinga ndi kukula kwa mibuluyo. Mayonesi nawo amabisa mpweya m'kapu ukapanda kuwatsendera.

Miyeso yonse ya masupuni yomwe ndinalemba kale ndiyenera kuyezanso, masamba 11 athunthu. Ndikamaliza ndikufuna tebulo la zinthu 60, chilichonse m'makapu a mitundu itatu, mwinanso kuyeza uchi wozizira ndi wofunditsa kuti ndione ngati umasiyana.