Ndowa yati zii: mowa wa m'chitini ukasiya kuwira

Chiperoni chikafika mu Juni ndi Julaye, nkhungu n'kukuta minda ya tiyi masiku atatu osaona dzuwa, dandaulo la ofulula mowa wa m'chitini limakhala limodzi kuyambira ku Chitakale mpaka ku Bvumbwe: ndowa yangoti zii. Tikunena mowa uja mumagula chitini cha madzi a chimera okhathamira, monga cha Coopers cha makilogalamu 1.7, n'kusungunula ndi shuga kilogalamu imodzi, kuthira madzi kufika malita 23, pamwamba n'kuwaza kapaketi ka yisiti ka magalamu 7. Masiku awiri oyamba thovu linali tho, airlock (kachubu kamadzi ka pachivindikiro kotulutsira mpweya) ikulira usiku wonse. Tsiku lachinayi bata.

Musathamangire kuthira yisiti ina. Airlock si mboni yodalirika. Chivindikiro chikapanda kukhala bwino, kapena kalabala ka pabowo kakatha, mpweya umatulukira m'mbali mowa ukuwira bwinobwino. Mwinanso mowawo watha kale ntchito, chifukwa m'nyengo yotentha masiku anayi amakwana. Chokuuzani zoona ndi hydrometer basi, kachida kagalasi koyandama koyezera shuga wotsala m'mowa.

Iyeseni kaye m'madzi wamba a madigiri 20, iwerenge 1.000. Kenako tungani mowa pang'ono pampopi wa ndowa, muupungulire uku ndi uku m'makapu awiri kuti mpweya uchoke, ndipo mukaviika hydrometer muizunguze ndi zala. Tithovu tikamamatira pagalasi timaikweza, inu n'kuwerenga nambala yabodza. Chitini chimodzi ndi shuga kilogalamu imodzi zimayambira pafupi ndi 1.040, n'kukathera pakati pa 1.006 ndi 1.012. Lembani nambala ya lero, muyezenso pakapita masiku awiri. Ngati ikutsika, ngakhale pang'ono, usiyeni mowawo, ukuyenda. Ngati yaima pa 1.010, mowa wapsa. Koma ikakakamira pa 1.020 kapena kuposa, mowa ukukoma tseketseke ngati thobwa la lero, pamenepo ndiye waimadi. Amene mumayeza ndi refractometer, chida choyezera shuga pa kadontho kamodzi, dziwani kuti mowa ukangoyamba kuledzeretsa chidacho chimanama, chimaonetsa shuga wambiri kuposa amene alipo.

Kuno kwathu wolakwa wamkulu ndi kuzizira. Yisiti ya m'zitini zambiri ndi ya mtundu wa ale, imagwira bwino pakati pa madigiri 18 ndi 24. Mowa ukatsika pansi pa 15, yisiti imachita ulesi, n'kugwirana timagulu, n'kumira pansi. Siinafe ayi, yagona. Chimene ambiri sachiganizira n'chakuti masiku oyamba mowa umadzitenthetsa wokha ndi madigiri awiri kapena atatu chifukwa cha kuwirako. Kuwira kukayamba kuchepa, kutenthako kumathanso, ndiye usiku umodzi wa chiperoni umakwana kuimitsa zonse. Ndowa yokhala pasimenti ndiyo imavulala msanga, popeza simenti imayamwa kutentha pansi penipeni pamene yisiti yasonkhana.

Ndiye ichotseni pasimentipo, muikhazike pathabwa kapena pamasaka opinda. Ikulungeni bulangete, m'kati mwake muikemo mabotolo awiri a malita awiri odzaza madzi otentha, osati owira, n'kumawasintha m'mawa ndi madzulo. Lamba wotenthetsera wa magetsi ndi wabwino, koma magetsi akathima pakati pa usiku ndi bulangete limene limakupulumutsani. Kwezani pang'onopang'ono, kwa tsiku lathunthu, mpaka madigiri 20 kapena 22. Osaiika pafupi ndi mbaula, osaiyanika padzuwa: mbali imodzi imapsa ina ili zii. Mowa ukafunda, gwirani ndowa ili chitsekere, muizunguze mofatsa kwa theka la mphindi mpaka nsenga za pansi zitadzuka, mowa n'kuoneka wamatope. Kuzunguza, osati kukhutchumula ngati Chibuku. Mpweya wakunja ukalowa pa msinkhu uwu, mowa umadzamveka fungo la katoni yonyowa. Bwerezani kawiri pa tsiku, muyezenso pakatha masiku awiri. Ndowa zambiri zimadzuka ndi zimenezi zokha.

Ikakana, funsani za yisiti. Kapaketi kaja kamakhala pansi pa chivindikiro cha chitini, ndipo chitini chimene chayenda pa basi kuchokera ku Johannesburg, n'kukhalanso miyezi pashelefu yotentha, chimafika ndi yisiti yofooka. Magalamu 7 m'malita 23 ndi ochepa kale ngakhale itakhala yatsopano. Ena amaipha okha poiwaza m'madzi a chimera asanazizire, chifukwa kupitirira madigiri 40 yisiti imayamba kufa. Enanso amatsuka ndowa ndi Jik osatsukuluza mokwanira. Palinso aja ofuna mowa waukali, amene amathira shuga woyera makilogalamu awiri kapena atatu. Shuga wa nzimbe alibe chakudya china chimene yisiti imafuna kuti iswane, ndiye imatopera panjira, mowa n'kutsala wotsekemera komanso wopyapyala. Kilogalamu imodzi ndiyo malire. Mukafuna mphamvu, onjezani chimera.

Pothira yisiti yatsopano musaiwaze youma pamwamba. M'ndowamo muli kale ukali wa mowa ndipo mpweya wabwino mulibe, choncho yambiri imangomira osagwira ntchito. Idzutseni kaye padera. Wiritsani madzi theka la lita ndi magalamu 50 a ufa wa chimera wofululira kwa mphindi 10, muziziritse kufika madigiri 25, muthire m'botolo loyera bwino, muonjeze paketi ya magalamu 11.5 ya yisiti ya mowa monga SafAle US-05. Khutchumulani botolo limeneli kwambiri, pakuti apa mpweya ukufunika, mutseke pakamwa ndi pepala la aluminiyamu mosalimbitsa. Pakatha maola 12 mpaka 24, thovu likakwera, tsanulirani zonse m'ndowa yofunda ija. Ngati vuto linali shuga wochuluka, wiritsani supuni yaing'ono ya yisiti ya buledi m'madzi pang'ono kwa mphindi 10, izizire, muthirenso. Yafa imeneyo, koma mtembo wake ndi chakudya cha yamoyo.

Nthawi zina mowa umaima pa 1.016 kapena 1.018 chifukwa shuga wotsalayo ndi wosadyeka, makamaka ngati munathira maltodextrin (ufa wopatsa mowa thupi) kapena ndi chitini cha mowa wakuda wa stout chokhala ndi chimera chambiri. Kuti mudziwe, tungani mamililita 200, muthiremo supuni yaing'ono ya yisiti youma, musunge pofunda kwa masiku awiri mukugwedeza pafupipafupi. Nambala ikatsika, ndiye kuti m'ndowa mudakali ntchito. Ikapanda kusuntha, mowawo wafika pamapeto ake.

Lawaninso. Mowa wowawasa ngati viniga, kapena wokhala ndi kachikopa koyera pamwamba, walowa tizilombo, ndipo yisiti yatsopano siingaubweze.

Choopsa kwambiri ndi kutopa kudikira n'kuuthira m'mabotolo uli pa 1.020. Mowa woyenera kukathera pa 1.010 umakhala utatsala ndi shuga pafupifupi magalamu 20 pa lita, pamene wothira m'mabotolo kuti mukhale mpweya amangokhala magalamu 6 mpaka 8 pa lita. Yisiti yogona mu Julaye idzadzuka kutentha kwa Okutobala kukafika, ndipo botolo lagalasi limaphulika, magalasi n'kumwazika chipinda chonse. Ngati mwathira kale, ikani mabotolowo m'kireti, muphimbe ndi bulangete, muziziritse limodzi n'kulitsegula mutavala magalasi ndi magolovesi. Likafwamphuka, tsegulani onse pang'ono mpweya utuluke, n'kutsekanso ndi zitsekerero zatsopano. Pa ndowa iliyonse, botolo limodzi lizikhala lapulasitiki: likauma gwa ngati mwala sabata isanathe, agalasiwo ali pangozi.