Fayilo imene ndinaisintha mwakachetechete

Pali pulogalamu yaing'ono ya open source (yoti aliyense angathe kuona ndi kusintha mmene inalembedwera) imene ndimathandiza kuisamalira, ndipo nthawi iliyonse tikatulutsa mtundu watsopano timamanga source code yonse, ndiye kuti malemba amene amapanga pulogalamuyo, mu fayilo imodzi yothera ndi .tar.gz n'kuiika pa seva yathu kuti aliyense aitsitse. Tsiku lina, patangopita maola ochepa titatulutsa mtundu wa 1.4.0, ndinaona kuti ndalakwitsa kalembedwe ka mawu awiri mu README, fayilo yofotokoza za pulogalamuyo. Ndinawakonza, ndinamanganso fayiloyo n'kuiika pamalo pomwepo ndi dzina lomwelo, mumtima ndikuti palibe amene azindikire.

M'mawa mwake ndinapeza imelo yochokera kwa munthu amene amalowetsa pulogalamu yathu mu mtundu wina wa Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta. Anandiuza mwaulemu kuti SHA-256 ya fayilo yathu siikufanananso ndi imene iye anasunga dzulo lake, kenako anafunsa ngati anthu achiwembu alowa mu seva yathu. Manyazi anandigwira, chifukwa funso lake linali loyenera. Makina ake sawerenga README. Amangoyerekeza SHA-256 ija, imene ndi mtundu wa checksum: mndandanda wa zilembo ndi manambala 64 wowerengetsedwa kuchokera ku fayiloyo, umene umasinthiratu wonse ngakhale mutasintha kadontho kamodzi kokha mu fayilo, ndipo ukapanda kufanana ntchito yonse imaima pomwepo. Kwa iye linki imene ikutseguka koma ikupereka fayilo ina inali yoopsa kuposa linki yakufa, popeza yakufayo siimanamiza munthu.

Zoterezi zinachitikapo poyera pa 30 January 2023, pamene GitHub, webusaiti imene anthu ambiri amasungirapo code yawo, inasintha njira yopanikizira mafayilo amene imadzipangira yokha munthu akafuna kutsitsa code. Zam'kati sizinasinthe ayi, koma ma checksum anasintha, moti anthu odalira zida zomangira ndi kuikira mapulogalamu monga Bazel ndi Homebrew anayamba kulephera kumanga mapulogalamu awo. GitHub inabweza msanga kusinthako. Kuyambira pamenepo sinditumizanso anthu ku fayilo imene seva ingathe kuipanganso mwa njira ina mawa. Ndimaimanga ndekha kamodzi, ndimalemba checksum yake pambali, ndipo ikakwera siikhudzidwanso.

Vuto lina ndi la malo ongobwereka. Mwa mawebusaiti osungirapo code, Google Code inatsekedwa mu 2016, Bitbucket inachotsa ntchito zosungidwa ndi Mercurial (chida chosungira mbiri ya kusintha kwa code) mu 2020, ndipo ngakhale kernel.org, kwawo kwa Linux, inasiya FTP, njira yakale yotsitsira mafayilo, mu 2017. Maadiresi akalewo sanafufutike nthawi yomweyo m'malangizo, m'mabuku ndi m'mafayilo omangira amene anthu analemba zaka zambiri m'mbuyomo. N'chifukwa chake linki imene timalengeza ili pa domain (dzina la adiresi ya pa intaneti) yathuyathu, ndipo iyo ndi imene imalozera kumene mafayilo akusungidwa panthawiyo, kotero kuti tikasamuka timangosintha kolozera, adiresi n'kukhala yomweyo. Kunena zoona, domain nayonso ili ndi msampha wake: imalipiridwa chaka ndi chaka, ndipo ikakhala m'dzina la munthu mmodzi amene watanganidwa kapena wasiya ntchitoyi, ingathe kugulidwa ndi mlendo amene angaike chilichonse pa linki imene anthu amaikhulupirira. Ife tinagwirizana kuti anthu awiri azilandira chikumbutso cha malipiro.

Timaonetsetsanso kuti code yathu yasungidwa ku Software Heritage, nkhokwe imene bungwe la Inria la ku France linatsegula mu 2016, ndipo kamodzi pa sabata kapulogalamu kena kamatsitsa mafayilo onse, akale omwe, n'kuyerekeza ma checksum awo. Akalewo ndi amene amaiwalika msanga, chonsecho pali makompyuta amene akumangabe mtundu wa zaka zisanu zapitazo.

Fayilo ya 1.4.0 ndinaibwezera mmene inalili tsiku lomwelo, ndipo ilipobe ndi mawu ake awiri olakwika aja. Okonzedwawo anatuluka mu 1.4.1.