Za kalata ya physio ya amayi, ndi masewera a pa mpando omwe tinaphunzira

Ngati muli ndi kholo lomwe maondo ayamba kukana ndipo kukiliniki akuuzani kuti lipite ku physio (kumene amaphunzitsa odwala masewera olimbitsa thupi), chonde musatuluke pageti musanaone kuti kalata ya referral ili ndi chidindo. Ndayambira pamenepa chifukwa mpaka lero mtima ukuwawabe ndikakumbukira tsiku lomwe tinataya chifukwa cha inki chabe.

Amayi anga ali ndi zaka 74, tinawatenga ku Katete atagwa kubafa. Sanathyoke pena paliponse koma kuyambira pamenepo anagwidwa ndi mantha, ankangokhala pa sofa tsiku lonse, kudzuka mpaka munthu awakoke mikono, ndiye ndi BP yawo ija miyendo inayamba kutupa madzulo. Munthu amene ankalima yekha munda wa nshawa. Kukiliniki ya komboni kwathu a clinical officer anawaona bwinobwino, sindingawanamizire, anati maondo atha chifukwa cha ukalamba koma chomwe chikuwapha kwambiri ndi kukhala, minofu ya ntchafu ikapanda kugwira ntchito imafooka msanga ndipo ikafooka ndiye kugwa kumabweranso. Analemba kalata yopita ku chipatala cha first level. Kwa amene simudziwa, muno mu Lusaka zipatala zimenezi zili ku Chawama, Chilenje, Kanyama, Matero ndi ku Chipata compound, ndipo mumayenera kudzera kumeneko, osati kungothamangira ku chipatala chachikulu cha UTH.

Ndiye tsiku lija. Ndinapempha off kuntchito, tinadzuka kukadali mdima, amayi sangakwere minibasi chifukwa sitepe ija ndi yaitali komanso makondakitala sadikira munthu, ndiye ndi taxi ya Yango. Tinakhala pa mzere wa ku registry dzuwa mpaka kufika pamutu, amayi ali pa benchi yopanda potsamira, tikufika pawindo mlongo wa pamenepo kungoyang'ana kalata n'kundibwezera kuti ilibe date stamp ya kiliniki, sangatsegule faelo. Iye sindimuda, ndi lamulo lawo. Amene ndikudandaula nawo ndi akukiliniki omwe anatipatsa pepala akudziwa kuti silinathe. Ndinawasiya amayi pa benchi pomwepo ndi mayi wina wachifundo, ine kuthamanga kubwerera kukiliniki, kufika kumeneko akuti chidindo chili mu drowa ya a in-charge ndipo a in-charge apita ku workshop, kiyi ali nayo m'chikwama. Kiliniki yonse chidindo chimodzi, munthu mmodzi, kiyi imodzi! Ndinafunsa kuti nanga odwala onse omwe mukuwatumiza lero azitani, wina anangoti "bwerani mailo" osadzutsa ngakhale mutu pa foni. Mailo kwa iwo ndi mawu chabe, kwa ine ndi off ina, Yango ina kupita ndi kubwera, ndi nkhalamba yomwe yakhala pa thabwa kuyambira m'mawa isanadye. Usiku umenewo amayi sanagone ndi msana, ndipo anati basi mwanawe zisiye, ndibwezere kumudzi ndikafere kwathu. Kuwanyengerera kuti tipitenso inali ntchito yoposa zonse.

Onani chidindo. Onaninso kuti dzina pa kalata likufanana ndi la pa NRC, chifukwa azimayi athu ambiri ali ndi dzina la kutchalitchi ndi la pa reg zosiyana. Za NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo ya boma, a zaka 65 kupita m'mwamba salipira ndalama za pamwezi koma ayenera kulembetsedwa, ndiye chitani zimenezo tsiku lina lake musanayambe ulendo wa kuchipatala, ndipo munyamule NRC yeniyeni pamodzi ndi fotokope. Madzi ndi kachakudya m'chikwama, makamaka ngati ali ndi shuga.

Titalowa ku physio zinthu zinayenda bwino kwambiri moti ndinakwiyanso kuti zonse zija tinavutikira zinthu zomwe zimangofuna mpando. Mtsikana wa physio anawalankhula amayi Chinyanja, mwaulemu, "amama tiyeni tione mmene mumaimirira", anawapima BP kaye, kenako anatiphunzitsa. Ndinamupempha kuti ndijambule vidiyo pa foni ndipo anavomera, chitani chimodzimodzi chifukwa mukafika kunyumba zonse zimasokonekera m'mutu.

Chachikulu pa zonse ndi kuimirira ndi kukhala. Amakhala kutsogolo kwa mpando, mapazi pansi motalikirana pang'ono, amaweramira kutsogolo n'kuimirira, kenako kukhala pang'onopang'ono osadzigwetsa. Kukhala pang'onopang'ono kuja ndiye kumene kumalimbitsa ntchafu. Poyamba ankakankha ndi manja, manje amapinda manja pachifuwa. Kenako kuguba ali chikhalire, kukweza bondo ili kenako linalo ngati a Boys' Brigade. Kuwongola mwendo umodzi kutsogolo, kuugwira m'mwamba akuwerenga mpaka 5, kuutsitsa. Kuvinitsa mapazi, zala m'mwamba zidendene pansi, kenako zidendene m'mwamba, izi ndiye zathandiza kutupa kuja chifukwa minofu ya katumba imakankha magazi kubwerera m'mwamba. Za mikono timagwiritsa mabotolo a madzi a 500ml, ndi chitenje chopota chomwe amagwira mbali zonse ziwiri n'kukweza pamwamba pa mutu. Palibe chomwe tinagula.

Anatichenjeza kuti asamagwire mpweya pokweza chinthu chifukwa BP imakwera, ndiye amayi amawerenga mokweza mawu kuti azipuma. Akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika, kusiya pomwepo ndi kupita kuchipatala. Kuwawa pang'ono kwa minofu mawa lake ndi kwabwinobwino, koma bondo likatupa ndi kutentha mupumitse. A bungwe la zaumoyo la WHO amati okalamba azipeza mphindi zosachepera 150 pa sabata za kugwiritsa thupi ntchito, ndi masewera olimbitsa minofu ndi othandiza kusagwa masiku atatu pa sabata. Musaope nambalayo, ife tinayamba ndi mphindi 10 m'mawa dzuwa lisanapse, kenako tinawonjezera zina madzulo.

Mpando, ndisaiwale mpando. Osati sofa, ndi yotsika ndipo imameza munthu. Osati mipando ya pulasitiki ija ya pamaliro, miyendo yake imatagada munthu akaitsamira mbali imodzi. Mpando wa thabwa wa pa dining, wotsamiritsa kukhoma. Ndipo azimayi anzanga, polishi wofiira uja timakonda pakhonde musapake pamene agogo amachitira masewera, ndinachita kukangana ndi mwana wanga wamkazi pa nkhani imeneyi. Avale nsapato zogwira chidendene, osati mapatapata.

Ndabwerera pa za kalata, date ya review yomwe akulemberani pa kadi muijambule pa foni, kadi ikasowa mumayambiranso ku registry.

Vuto lina lomwe physio sangakuthetsereni ndi loti nkhalamba imatopa nazo ikamachita yokha. Patapita masabata ochepa amayi anayamba kuzemba, lero mutu mawa kwazizira. Chomwe chinatipulumutsa ndi aneba athu, agogo aamuna ochokera ku Chadiza omwe ali ndi thabwa la nsolo. Amabwera masana, amachita kaye za pa mpando onse awiri kenako nsolo, ndipo kutola timiyala tija ndi kuwerenga maenje kumagwiritsa ntchito zala ndi mutu womwe. Amayi amati kumudzi nsolo inali ya azibambo pansi pa mtengo, koma manje amawadya agogo aja osawamvera chisoni. Pano abwera ena awiri a mu section yathu ya kutchalitchi, amaimba nyimbo za m'buku akuomba m'manja ndi kuguba chikhalire, wina amabwera ndi drafti ya zitsekerero za mabotolo. Ndimawagulira nshawa zosasenda ku msika wa Soweto kuti azisenda akucheza, zala zimalimba ndipo iwo amamva kuti akugwira ntchito ya pakhomo, chifukwa mukawauza kuti ndi "exercise" amakuyankhani kuti ine si mwana wa sukulu.

Manje amadzuka okha pa mpando ndipo kuchimbudzi amapita osaitana munthu, ngakhale sitepe ya pakhomo ikadali kuwavuta ndipo ndodo sanaisiye. Mwezi wamawa tili ndi review, ndipo agogo a ku Chadiza aja nawonso akufuna kalata yawo ya phewa, ndawauza ana awo kuti apite m'mawa, afunse kaye ngati a in-charge alipo, ndipo asachoke pawindo chidindo chisanamenyedwe pa pepala.